Za tchalitchi chosafolera chija

Nkhani yomwe yatentha m'tauni muno sabata ino si ya mafuta kapena mpira ayi, koma ya tchalitchi cha kumtunda chija, chomwe makoma ake anafika pamwamba kalekale koma denga kulibe. Abusa atsopano afika mwezi wathawu, ndipo Lamulungu loyamba lomwelo analengeza masomphenya awo: holo ya achinyamata. Akhristu anawomba m'manja mwaulemu, zenizeni n'kukalankhulira kuchigayo.

Kuchigayoko amayi akuti vuto ndi kusamutsasamutsa abusa. Aliyense akabwera amafuna mwala wa maziko wolembedwa dzina lake, za mnzake sazikhudza. Amene achoka kumenewa asiya makoma, a m'mbuyo mwawo anasiya thanki yopanda mpope. "Ife ndiye timangotuta mchenga pamutu," anatero mayi wina akupukuta ufa kumaso.

Pabawo madoda akuloza chala kwacha. Akuti itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zonse za Paper Sunday, zija anthu ankaponya akuvina ndi ma K5,000 m'mwamba, zinangokwana simenti yochepa ndi misomali. Mkulu wa mpingo wina wopuma sanagwirizane nazo. Anakumbutsa anzake kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinayamba kumangidwa mu 1888 n'kutsegulidwa mu 1891, njerwa zake zowotchera pompo, ndipo David Clement Scott yemwe ankatsogolera ntchitoyo sanaphunzirepo zomangamanga. "Zaka zitatu basi, achimwene, popanda komiti yoyang'anira komiti inzake!" Mnzake anataya kaye nkhomo zake bwinobwino, kenaka n'kuyankha kuti Scott uja sanalandire kalata yomusamutsa makoma ali pakati. Pamenepo ndiye ndinaona kuti bawo lakoma.

Anyamata a kabaza alibe nazo za denga. Iwo akungopempha kuti mapemphero ochezera apitirire, poti m'bandakucha makasitomala amachita kulimbirana njinga. Kwaya nayo akuti yagawikana pawiri chifukwa cha kiyibodi, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Amene sakulankhula zambiri ndi amayi a Mvano, ndipo ine ndimawaopa amenewa. Abusa abwere, abusa apite, iwo pamaliro amaphika, odwala amakawazonda, kabuku kawo ka zopereka sikadumpha mwezi. Mphekesera zikuti malata a tchalitchi anayamba kale kugula pang'onopang'ono, ndipo aunjikidwa kuchipinda kwa msungichuma wawo, kuseri kwa matumba a chimanga.

Alembi a sesho atamva, anavala jekete n'kupita kukapempha kuti malatawo abwerekedwe kaye ku holo. Anapatsidwa mpando, tiyi wamkaka ndi mbatata yootcha.

"Bambo mlembi, mwachita bwino kubwera," anatero amayi apampando. "Tikakambirana pamsonkhano wathu."

Atafunsa tsiku la msonkhanowo, anawathirira tiyi wina.