Chidole, Kanyama ndi Chipale cha mu Meyi

Ku Zurich, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Switzerland, nkhani ya nyengo amakaifunsa kwa chidole. Mu Epulo amakonza chimunthu choyera mbuu, dzina lake Böögg, n'kuchikhazika pamwamba pa mulu wa nkhuni, m'mutu atachilonga zophulika. Ikangokwana 6 koloko madzulo, moto! Mutu ukaphulika msanga ndiye kuti chilimwe chikhala chokoma. Ukachedwa, aliyense afunefune ambulera.

Mu 2003 mutu unaphulika mphindi 6 zisanakwane, ndipo chaka chimenecho ku Ulaya kunatentha koopsa. Chidole chinalandira ulemu wa mlosi. Koma mu 2023 chinaimika anthu mphindi 57, miyendo kuchita dzanzi, chilimwe n'kudzatenthabe. Zoseketsa zenizeni zinachitika mu 2024: mphepo inawomba mwamphamvu moti anaopa kuyatsa moto. Mlosi wa nyengo analephera kugwira ntchito chifukwa cha nyengo! Chidolecho anakachiwotchera ku Heiden mu Juni, kuti chilosere chilimwe choti chafika kale pakhomo.

*

Ku Punxsutawney, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, mlosi wawo ndi kanyama konga mbira, kotchedwa Phil. Pa 2 Febuluwale madoda ovala zipewa zitalizitali amakatulutsa kuuna. Kakaona chithunzithunzi chake, kuzizira kupitirira masabata 6. Mu 2013 akuti sikanachione, ndiye anthu anayamba kupinda majekete. Malichi atafika, chipale chofewa chinawakwirira.

Loya wina wa boma ku Ohio anapsa mtima mwanthabwala, nalemba chikalata chozenga Phil mlandu wonamiza anthu, chilango chake imfa. Amene anapulumutsa kanyamako ndi mkulu wa madoda aja. Iye anati Phil ananena zoona, wolakwa ndi womasulira mawu ake. Mlandu unathera pomwepo. Ndale timazidziwa, koma izi zokana mawu m'malo mwa nyama n'zapamwamba.

*

Tisawaseke kwambiri, poti ngakhale azanyengo a makompyuta amatuluka thukuta nyengo yozizira ikamatha. Digiri imodzi kapena ziwiri ndi zomwe zimagamula ngati kugwe mvula kapena chipale. Kumapiri ndiye zimachita kunyanya: kuchigwa mvula, kumtunda chipale, wailesi yake imodzimodzi. Wakuchigwa akuti mnyamata wa zanyengoyu ndi katswiri, wakuphiri akuti achotsedwe ntchito lero lomwe.

Anthu a ku Buffalo, m'mbali mwa nyanja ya Erie, chipale anachizolowera. Mphepo yozizira ikadutsa pamwamba pa madzi ofundirapo, imatola chinyezi n'kudzachikhuthulira pa iwo. Pofika Epulo madzi amakhala atazizira, nyanja n'kusiya chipongwe chakecho, anthu n'kuyamba kubzala maluwa. Koma pa 7 Meyi 1989 chipale chinawagwera pafupifupi masentimita 20. Chipale cha mochedwa chotere chimakhala chonyowa ndi cholemera, ndipo chikapeza mitengo itaphuka masamba chimathyola nthambi mpaka kudula mawaya a magetsi.

Akuti m'mawa wa tsiku ngati limenelo mayi wina anadzutsa mwamuna wake.

"Bambo ake, fosholo ya chipale ija mwaisunga pati?"

"Ndinagulitsa. Pajatu pa wailesi anati kuzizira kwatha."

"Chabwino. Tengani wailesiyo mukafosholere panja."