Ulemu kwa a Nankafumbwe

Masiku ano aliyense akulalikira za kudzidalira, koma katswiri weniweni wa nkhaniyi palibe akumutchula. Ndikunena a Nankafumbwe, mfumu ya m'nkhokwe, mkamwini wosagwira khasu.

Ife timasosa, kugalauza mizere dzuwa likuswa mtengo, n'kumasakaniza madeya, phulusa ndi ndowe kuti tipange Mbeya poti thumba la feteleza silikugulika. Iwo ali phee. Dzina lawo silinalembedwepo pa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP, ndipo pamzere wa feteleza sanagonepo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinagwira m'mutu, ena tinayamba kudya kamodzi patsiku. A Nankafumbwe sanadumphitseko chakudya ngakhale tsiku limodzi.

Nanga luso lawo lomanga nyumba! Mayi Nankafumbwe amaboola njere ya chimanga, kuikiramo dzira, n'kumata pakhomo. Mwana amabadwira m'chakudya: khoma ndi nsima, denga ndi nsima. Akatha kudya nyumbayo amatuluka ali wamkulu, wokonzeka kale banja. Lendi sadziwa, fizi sadziwa. Ndani wa ife analerapo mwana motchipa chonchi?

Pa chitukuko sali m'mbuyo. Chimanga chamakolo, cholimba chija, amachidya mwaulemu, koma cha haibulidi chofewa anachilandira ndi manja awiri kuposa alimi eniake.

Chikondi chawonso n'chosatha. Akuba atachuluka tinasiya nkhokwe n'kulowetsa matumba kuchipinda chogona, a Nankafumbwe anatitsatira. Amati mlendo ndi mame, koma uyu dzuwa silimuumitsa. Usiku mukatchera khutu mumawamva ali kalikiliki m'thumba, inu mukungotembenuka ndi nkhawa za ngongole ya banki m'khonde.

Komatu anthu ndife osayamika. Timawathira Actellic. Timawatsekera m'matumba a PICS kuti abanike. Ena amathamangira kukonola chimanga chonse kuti mlendo asowe polowera. Ulemu uli kuti?

Dikirani Febuluwale, ndalama ya chigayo itasowa. Mukamasula thumba lomaliza mudzapeza kuti anakugayirani kale, ulere, ufa wosalala kutsanulira pansi. Ndipo poti ndiwo zavuta, iwo eni adzayandama m'phala kuti ana asanene kuti chaka chino nyama sanailawe.