Tiwaombere m'manja gogo Felton, seneta wa tsiku limodzi

Andale ambiri akakhala pampando amamera mizu, moti kuwazula kwake kumalira khasu. Ndiye tiyeni tiwaombere m'manja gogo Rebecca Latimer Felton a ku Georgia, m'dziko la America, omwe adalumbira useneta pa 21 Novembala 1922, mawa lake n'kutsanzika.

Taonani kuyera kwa ntchito yawo! Kampeni sadachite, mlatho sadalonjeze, ndipo palibe munthu adapsa ndi dzuwa pamzere kuti awavotere. Seneta Thomas Watson atamwalira mu Seputembala chaka chimenecho, bwanamkubwa wa Georgia, Thomas Hardwick, adangoloza chala basi. Mkuluyu mpandowo ankaufuna yekha, koma adali ndi mangawa kwa amayi: adatsutsa zoti azivota, pomwe kuyambira 1920 voti adali nayo m'manja. Adaganiza zowapepesa motchipa. Adasankha gogo wa zaka 87 pa nthawi yomwe nyumba ya malamulo ya Seneti idali patchuthi, kuti dzina la useneta likhale lawo koma pampando penipenipo asakhalepo. Chisankho chitabwera, anthu adasankha Walter George, Hardwick n'kugwira fuwa lamoto.

Koma gogo sadalole kuti ulemu wawo uthere papepala. Pulezidenti Warren Harding ataitanitsa aphungu mu Novembala, gogo ulendo wa ku Washington. George adayamba wazengereza dala kupereka zikalata zake, gogo n'kulumbira, kukhala mayi woyamba m'mbiri ya Seneti. Kutacha adalankhula mwachidule, nasiyira mwini wake mpando. Lamulo loipa lomwe adabweretsa palibe, labwinonso palibe. Ndi andale angati angadzitame kuti sadapeze n'komwe mpata wolakwa?

Musawayese ofooka ayi. Gogowa lilime lidali lakuthwa, cholembera chimodzimodzi. Adayendetsa kampeni za amuna awo, William Felton, adamenyera ufulu wa amayi wovota, adalimbana ndi mowa komanso mchitidwe wobwereketsa akaidi kuti azikagwira ntchito yakalavulagaga. Komatu chifundo chawocho chinkayang'ana khungu. Pakhomo pawo adasungapo akapolo, ndipo ndiwo omaliza mwa eni akapolo kukhala mu Seneti. Mu 1897 adaimirira pamaso pa alimi a ku Georgia n'kunena poyera kuti ngati kupachika amuna akuda popanda kuwazenga mlandu ndiyo njira yotetezera akazi achizungu, apachikidwe ndithu, kaya chikwi pa sabata.

Seneta wosankhidwa ndi anthu amakhala zaka 6. Tangoganizani gogo ameneyu akadapatsidwa zonsezo, ali ndi voti m'manja ndi pakamwa potero! Adamwalira mu 1930, Mulungu atawapatsa zaka 94 za moyo koma tsiku limodzi lokha la mpando. Pa zabwino zonse zomwe seneta Felton adachitira anthu akuda a ku Georgia, chachikulu n'chakuti adachoka msanga.