Nsomba ya m'damu, ya m'nyanja ndi ya m'thumba langa

Kwathu kuno ku Mitundu nyanja kulibe, koma akatswiri a nsomba ndiye tilipo. Chimatilimbitsa mtima ndi koleji ya Bunda, komwe ophunzira a LUANAR amaweta makumba, chilunguni ndi milamba m'madamu. Ine ndimatsitsa makasitomala a kabaza pa geti pomwepo, choncho ndikayamba za nsomba pa bawo ndimayembekeza kuti aliyense akhale chete.

Alamu anga a ku Nathenje samva zimenezo. Iwo amati nsomba ya m'damu ndi yaulesi, imangodikira gaga ndi manyowa a nkhuku, thanzi ingalitenge kuti? Ya m'nyanja ndiye nsomba, imadzisakira yokha. Amayankhula molimba mtima, chonsecho madzi aakulu omwe anawaonapo ndi mtsinje wa Diamphwe.

Ine ndimawaphunzitsa kuti manyowawo ntchito yake ndi kumeretsa ndere ndi tizilombo ta m'madzi tomwe nsomba zimadya. Pa zomanga thupi, makumba a m'damu ndi chambo cha ku Mangochi sizisiyana kwenikweni. Kusiyana kuli pa mafuta. Yoleredwa ndi gaga wambiri imanona ndithu, koma mafuta a omega-3, othandiza mtima ndi ubongo, imakhala nawo ochepa kusiyana ndi yodya zachilengedwe. Apa alamu ali ndi kamfundo, koma zimenezo asazimve.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tonse awiri timakangana za nsomba yomwe timangoimva fungo kwa aneba. Yomwe thumba langa limaidziwa ndi kamulu ka usipa pamsika wa Mitundu. Komatu apa umphawi wandichitira ulemu. Usipa ndi matemba timadya ndi mutu, maso ndi minga zomwe, ndipo m'menemo ndi momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi wowonjezera magazi, zinki ndi vitamini A. Bwana wa ku Area 10 amangotola mnofu wa chambo, mutu ndi minga n'kupatsa mphaka. Pakhomo pamenepo wodya mwanzeru ndi mphakayo.

Maphunziro onsewa ndinakawatula kwa mayi a kunyumba, ndipo anawalandira ndi manja awiri.

"Mwayankhula zanzeru, bambo," anatero akugawa ndiwo. "Ndiye kuti usipawu ndi wa ana, poti ndiwo akukula. Inu mafupa anu anakhwima kale, muzisunsa msuzi."