Kaboni Ndimamunyamula Tsiku Lililonse

Ine ndi matako anga sitikulankhulana chisiyireni mvula. Chatiyambanitsa ndi msewu wafumbi wochokera kwathu kukalowa mu Great East Road, umene wasanduka malata. Pofika pa Chongwe mano amakhala akugogodana okha ngati ndagwidwa malungo.

Mphwanga wa ku Lusaka, uja amapalasa njinga Loweruka atavala kabudula wothina ngati akukasambira, anabwera kudzandizonda. Anagogoda kachitsulo kogwira chishalo cha njinga yanga, n'kupukusa mutu.

"Amalume, vuto ndi aluminiyamu uyu. Ndi wouma, bampu iliyonse amakupatsirani yonse. Gulani ka kaboni. Kamapindika pang'ono, n'kumeza kugwedezeka."

Nditafunsa mwana wasukulu kuti kaboni n'chiyani, anati ndi zimene zadzaza m'malasha. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Zaka zonsezi ndimamanga matumba atatu a kaboni pakaliyala, n'kupalasa makilomita oposa 40 mpaka ku Lusaka, kudutsa pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda dzuwa lisanatuluke. Anyamata onse a mpikisano wa njinga wa Tour de France atasonkhana sangandipose kaboni. Ndili naye m'zikhadabo, m'mphuno, mpaka pakolala ya shati ya kutchalitchi. Nanga matakowa sanamve bwanji?

Mphwanga anati wake ndi kaboni wophunzira, ulusi wopyapyala womatidwa ndi guluu wolimba. Kukula kwake kufanane ndendende ndi paipi ya njinga, mamilimita 27.2, ndipo pomanga pamafunika sipanala yoyeza mphamvu, chifukwa ukathinitsa kwambiri kamang'aluka. Makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango muyeso wake ndi umodzi: amasiya kumanga mtsempha wa pakhosi ukatuluka.

Atatchula mtengo, ndinaona njinga yanga yonse, belu lake ndi mbuzi yoperekeza zikupita. Pondilimbitsa mtima anati njinga idzapepuka ndi magalamu angapo. Ndinayang'ana matumba anga atatu aja, nawo anandiyang'ana.

Koma tinene zoona. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, nsima ya m'tauni inapsa ndi kaboni wathu yemweyu. Lero anthu omwewo amatiimbira hutala kuti tigwere m'ngalande, kenako amafunsa kuti mitengo ya ku Chongwe yapita kuti. Inapita m'mbaula zanu, bwana. Palibe amene amawotcha nkhalango ya kwawo chifukwa chokonda utsi. Tikonzereni msewu wa kumudzi kuti tomato azifika pamsika asanaphwanyike, muone ngati nkhwangwa sindiipachika.

Pakadali pano mayi a kunyumba apinda chitenje chakale kanayi, n'kuchimanga pachishalo ndi mphira wa chubu. Matako ayambanso kundipatsa moni. Aluminiyamu akhala pomwe ali, ndipo kaboni azikwera kumbuyo monga mwa masiku onse.