Tsiku limene ndinakhala chitsanzo

Malemu bambo anga ankati m'nthawi ya Kamuzu katswiri pa khasu ankatchedwa mchikumbe, ndipo Ngwaziyo inali Mchikumbe Nambala Wani, otsalawo azilimbirana kuyambira pa 2. Lero akuti mlimi wachitsanzo. Mawuwa ndi apachibale ndi kutsanzira: iwe lima, anzako aone, akachite zomwezo kwawo. Dzinali ndalisirira zaka zambiri, chifukwa mnansi wanga amene ali nalo amamupatsa mpando pamaliro, ine ndili pa njerwa.

Chaka chatha ndinati nane ndimutsanzire, ndipo ndinayambira pa zofunika. Ndinagula majombo pamsika wa Mitundu, chipewa chotambalala, ndi kope. Kayendedwe kake ka manja kumbuyo ndinakagwira m'sabata imodzi. Koma za Sasakawa zija, mizere kutalikirana masentimita 75, mapando 25, njere imodzi pa phando, ndinaziona zochedwetsa munthu wa majombo. Njere imodzi? Nanga mbewa ikafukula? Ndinaponya zinayizinayi monga ankachitira agogo. Kupalira ndinakulemba m'kope, tsiku lake ndi ola lomwe.

Mu Febuluwale alangizi anandipeza pa bawo ku Nathenje. "Bambo, Lachinayi tibwera ndi alimi komanso ophunzira a ku Bunda kudzaona munda wanu wa kumtunda kwa Diamphwe uja. Tikufuna chitsanzo."

Bawo ndinalisiyira pomwepo, nkhomo zili m'manja. Kunyumba ndinalamula kuti majombo atsukidwe.

"Chitsanzo cha chiyani, abambo?" anafunsa mayi a kunyumba akupeta gaga, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinati nsanje imayambira m'nyumba.

Lachinayi gulu linayambira kwa mnansi uja, kumene chimanga chinali bii, chobereka ana awiriawiri. Kenaka linadumpha malire kulowa kwanga. Kaufiti anali atachita maluwa ofiira munda wonse ngati takonzera ukwati, chimanga chachikasu chikusuzumira mu udzu.

"Mwaona uko, tsopano onani kuno," anatero alangizi. "Chitsanzo chabwino chotere simungachipeze kuyambira kuno mpaka ku Dedza."

Ndinavula chipewa, n'kuwerama pang'ono.

"Zolakwika zonse zimene timaphunzitsa zili m'munda umodzi."

Ophunzira analemba mpaka masamba kutha. Mtsikana wina anandipempha mwaulemu kuti ndiime pakati pa mzere andijambule. Ndinaika manja kumbuyo. Kenaka ndinamumva akuuza mnzake kuti nkhope sikufunika, akufuna majombo okha aonetse pamene chimanga chalekezera.

Pano ana a m'mudzi amandilonjera kuti "Achitsanzo, mwadzuka?" ndipo ndimayankha, poti dzina ndi lomwelo ndinkalifuna. Dzulo alangizi anadutsa pakhomo ine kulibe, akufunsa ngati chaka chino ndilimanso chimodzimodzi, chifukwa ali ndi gulu lina. Mayi a kunyumba awauza kuti asade nkhawa, majombo ndatsuka kale.