Netiweki ya pa Likoma ndi mnzawo wa eni nyumba

Anthu amapita ku Likoma pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena amakaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903, ena amakasambira, enanso amakapikula usipa. Ine ndinapitako kuti anthu a pa WhatsApp adziwe kuti ndapitako. Munthu wa malipiro ngati angawa akakwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, nkhani yake siyosunga mumtima.

Ku Nkhata Bay ndinagula bandulo yaikulu ndi magalasi akuda. Nditangofika pachilumbapo ndinadzijambula nditatsamira mlambe, mimba nditaibwezera m'kati, nyanja ili kumbuyo, n'kudina potumizira. Kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira. Ndinadya kondowole, kakuzungulirabe. Ndinagonako pang'ono, podzuka kakuzungulirabe.

Mnyamata wa pamalo ogona alendo anandimvera chisoni. "Achimwene, kuno netiweki siitsata munthu, munthu ndiye amaitsata. Kwerani pamwala uwo, muyang'ane uko." Ndinakwera ndi mapatapata anga, n'kuima mkono uli m'mwamba ngati mlaliki wa padepoti, ana atandizungulira. Foni inalira, mtima wanga myaa. Unali uthenga wondilandira ku Mozambique. Paja Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a dziko la eni, ndipo mapiri a ku Cobué amaonekera pafupi, choncho foni ikasowa kwawo imagwira za kutsidya. Ndinatuluka m'dziko wopanda pasipoti, ndili chiimire pamwala.

Chimene ndinaphunzira pamwalapo n'chakuti uthenga wa mawu okha ndi wopepuka, pamene chithunzi n'cholemera. Netiweki ikafooka, mawu amalowa koma chithunzi sichituluka. Ndiye tamvani mawu amene analowa. Mayi a kunyumba: ufa watha, mayunitsi a magetsi atha. Alamu anga: fizi ya mwana. Gulu la banki m'khonde: Loweruka lafika. Eni nyumba: "Bambo, mwezi watha kalekale."

Ndinaimbira mayi aja kuti timvane. Ndinati, "Ndalama ndilibe, nditumiza ndikabwera." Netiweki inameza "ndilibe" ndi "ndikabwera", kwawoko kunafika "ndalama nditumiza". Ananditamanda kuti ndine mwamuna weniweni, foni n'kuduka ndisanadziteteze.

Eni nyumba ndinawalembera mwaulemu kuti ndili kumudzi, ndikudwazika azakhali, ndipo kuno netiweki ndi yovuta. Uthenga umenewu unapita nthawi yomweyo, osazungulira n'kamodzi komwe.

Tsono pali chinthu chimene anthu a pachilumbapo amachidziwa, mlendo osamuuza. Masana foni zambiri zimalimbirana netiweki: asodzi akufunsa mitengo ya nsomba kumtunda, amayi akulandira ndalama za pafoni, alendo akutumiza zithunzi za dzuwa likulowa. Pakati pa usiku onsewa akagona, njira imatseguka, ndipo zonse zimene zinatsakamira masana zimadutsa. Chithunzi changa chinanyamuka ine ndikuliza mkonono.

M'mawa ndinapeza kuti woyamba kuchiona anali eni nyumba, amene sagona tulo chifukwa cha anthu ngati ine. Analemba kuti: "Pepani ndi matenda a azakhali. Magalasi akukhalani." Wachiwiri anali msungichuma wa banki m'khonde, amene anangofunsa mtengo wa tikiti ya sitima.

Ndiye amene amadandaula kuti intaneti ya pa Likoma ndi yochedwa, ine sindili nawo. Kuchedwa kwakeko n'kumene kunandisungira ulemu masana onse, ndipo itathamanga ndi pamene inandigulitsa. Pitani mukaone chilumbacho, n'chokongola zedi. Koma yambani mwalipira lendi, apo ayi muzizimitsa data musanagone.